Atsikana paokha, anyamata paokha: kodi zimamuthandiza mkazi akafika pantchito?

Makalata ambiri amene talandira ulendo uno akukamba nkhani imodzi: kuphunzitsa atsikana paokha ndi anyamata paokha, ndiponso ngati kuteroko kumathandiza kapena kupinga akazi akadzayamba kugwira ntchito pakati pa amuna. Tasankhapo angapo n'kuwafupikitsa, ndipo awayankha ndi olemba athu a nkhani za maphunziro ndi za ntchito.

FUNSO: Mwana wanga wamkazi wa zaka 13 wapeza malo ku sekondale ziwiri. Ina ndi ya atsikana okhaokha ndipo chaka ndi chaka imakhozetsa bwino. Inayo ndi yosakaniza, zotsatira zake n'zapakatikati. Aliyense akundiuza kuti mtsikana amaphunzira bwino pakakhala palibe anyamata. N'zoona kodi?
Mayi wa ana atatu

YANKHO: Mayi, zoti sukuluyo imakhozetsa sitikukana. Koma tifunse kuti chikukhozetsa anawo n'chiyani. M'mayiko ambiri sukulu za atsikana okhaokha ndi zakalekale, zina za mipingo, zina zolipiritsa, ndipo zambiri zimachita kusankha ana oti alowe. Mtsikana wolowa pachipata cha sukulu yotere kawirikawiri amakhala kuti ankakhoza kale ku pulayimale, kapena makolo ake ndi otsata za sukulu ndipo amatha kugula mabuku. Ana otere mukawasonkhanitsa m'chipinda chimodzi adzakhoza ndithu, kaya anyamata alipo kaya palibe. Kuyamikira sukulu chifukwa cha zimenezi kuli ngati kutamanda nkhokwe pamene ntchito idagwiridwa kumunda.

Mu 2014 akatswiri atatu a ku America, Erin Pahlke, Janet Hyde ndi Carlie Allison, adasonkhanitsa malipoti 184 a kafukufuku wochokera m'mayiko 21, wokhudza ana pafupifupi 1.6 miliyoni. Adawapatula pawiri. Malipoti amene adangoyerekeza sukulu osalabadira kumene ana adachokera ankaonetsa kuti sukulu zopatula zikupambana pang'ono. Koma m'malipoti amene adayamba aganizira nzeru za mwana polowa ndi kapezedwe ka makolo ake, kupambana kuja kudatsala pang'ono kuzimiririka, pa masamu, pa sayansi, ngakhale pa kudzidalira kwa atsikana.

Umboni wolimba umachokera kumene makolo sadasankhe okha. Ku Seoul, likulu la South Korea, kuyambira mu 1974 mpaka 2009 boma linkagawa ana ku sekondale za m'dera lawo mwa maere. Hyunjoon Park ndi anzake adapeza mu 2013 kuti amene adagwera ku sukulu zopatula, anyamata ndi atsikana omwe, ankakhoza bwinoko mayeso olowera ku yunivesite. Ndiye phindu lilipo. Chodabwitsa n'chakuti akatswiri omwewo atafufuza za masamu, sayansi ndi uinjiniya, phindulo lidaoneka kwa anyamata, kwa atsikana ayi. Ku Trinidad and Tobago, Kirabo Jackson adapeza mu 2012 kuti ana ambiri sankapindula kanthu ndi kupatulidwa. Amene adapindula ndi atsikana amene ankaifunitsitsa okha sukulu yotere, ndipo atsikana a m'sukulu zopatula ankatenga maphunziro a sayansi ochepa kusiyana ndi anzawo a m'zosakaniza.

Ife tikuona kuti phindu la kupatula ndi laling'ono poyerekeza ndi kusiyana kwa sukulu yabwino ndi sukulu yofooka. Choncho pitani ku sukulu zonse ziwiri muli ndi mafunso. Funsani magiredi amene ana amalowa nawo, kuti muone chimene sukulu yawonjezera pa mwana pofika potuluka. Funsani kuti chaka chatha ndi atsikana angati adalemba fizikisi, kemisitiri ndi masamu apamwamba, mwa atsikana angati onse. Labotale muione ndi maso anu. Zipangizo zokutidwa ndi fumbi zimakuuzani zambiri kuposa mphunzitsi wamkulu. Funsani ngati ophunzitsa sayansi adaphunziradi sayansi. Yang'anani mndandanda wa maphunziro osankha: ngati sukulu ya atsikana ili ndi zosoka ndi zophika koma ilibe kompyuta, zamagetsi kapena zojambula mapulani, ndiye kuti yamusankhira kale ntchito mwana wanu. Ku sukulu yosakaniza funsani kuti atsogoleri a ophunzira ndi a magulu a sayansi ndani, komanso mtsikana akavutitsidwa amakadandaula kwa yani. Mwini wakeyo mumufunsenso. Zotsatira za ku Trinidad zija zikusonyeza kuti kufuna kwa mwana kuli ndi gawo.

FUNSO: Ndimagwira ntchito mu ofesi yoona za antchito pakampani ina. Ndaona kuti akazi angapo a maudindo akuluakulu adaphunzira sukulu za atsikana okhaokha. Kodi sukulu zotere zitachuluka, kusiyana kwa malipiro pakati pa amuna ndi akazi kungathe?
Wa mu ofesi

YANKHO: Sikungathe, ndipo pali kafukufuku amene adatsata funso lanuli mpaka anthu kukula. Ku Britain akatswiri akhala akutsatira moyo wa anthu pafupifupi 17,000 obadwa m'sabata imodzi ya Marichi 1958. Mmodzi mwa anayi alionse adaphunzira sekondale yopatula. Alice Sullivan, Heather Joshi ndi Diana Leonard adawayang'ana ali ndi zaka 42, m'chaka cha 2000, ataganizira kale nzeru zawo paubwana ndi mabanja amene adachokera. Akazi ochokera ku sukulu za atsikana ankalandira malipiro oposa a anzawo ndi pafupifupi 5 peresenti, ndipo chifukwa chake chidali masatifiketi abwinoko amene adapeza atapitirira zaka 16. Koma mwayi wokhala pantchito udali umodzimodzi, ndipo mtundu wa ntchito sudasinthe: akazi adadzazabe m'ntchito zimene anthu amati n'za akazi.

Ikani 5 peresentiyo pambali pa chiwerengero cha bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO, limene mu 2018 lidati akazi amalandira pafupifupi 20 peresenti kuchepera pa amuna. Gwero lalikulu la kusiyanaku silili m'kalasi. Henrik Kleven ndi anzake adatsata malipiro a anthu a ku Denmark ndipo adaona kuti mwamuna ndi mkazi amayenda limodzi mpaka mwana woyamba atabadwa. Pamenepo za mkazi zimagwa, za mwamuna osagwedezeka, ndipo ngakhale papite zaka khumi mkazi amatsalirabe ndi pafupifupi 20 peresenti. Claudia Goldin, amene adalandira mphoto ya Nobel ya zachuma mu 2023, adafotokoza mmene zimachitikira. Ntchito zolipira kwambiri zimafuna munthu wopezeka usiku, Loweruka ndi Lamlungu, woti akaimbiridwa foni anyamuke. M'banja la ana sizitheka kuti onse awiri atero, ndipo amene amabwerera m'mbuyo nthawi zambiri ndi mayi. ILO idawerengeranso kuti pa tsiku akazi amathera maola 4 ndi mphindi 25 pa ntchito zapakhomo zosalipidwa, amuna ola limodzi ndi mphindi 23.

Mukayang'ana mayiko, nkhani ndi yomweyo. South Korea ili ndi sukulu zopatula zambiri, koma kusiyana kwa malipiro kumeneko, pafupifupi 30 peresenti, ndiko kwakukulu kuposa mayiko onse a m'bungwe la OECD, limene ambiri mwa mamembala ake ndi mayiko olemera. Ku Iran ana amaphunzira padera, akazi ndi ochuluka m'mayunivesite, koma amene ali pantchito kapena kufunafuna ntchito safika 20 pa 100 alionse. Ku Saudi Arabia chiwerengero chimenechi chidakwera kuchoka pansi pa 20 kufika kupitirira 30 peresenti m'zaka zochepa kuyambira cha m'ma 2017, pamene malamulo a ntchito ndi a kayendedwe adasintha, kuphatikizapo kulola akazi kuyendetsa galimoto mu 2018. Sukulu sizidasakanizidwe kuti zimenezi zitheke. Kumbali inayi, mayiko ngati Sweden ndi Norway akhala ndi sukulu zosakaniza kwa zaka zambiri, koma anamwino ambiri akadali akazi, mainjiniya ambiri amuna.

Popeza muli mu ofesi yoyenera, chimene mungachite chili patebulo panu. Gawani antchito potengera giredi ya ntchito, werengerani malipiro a pa ola limodzi, muyerekeze amuna ndi akazi a giredi imodzi. Kenaka onani malo atatu pamene kusiyana kumabisala: malipiro oyambira, amene nthawi zambiri amatengera zimene munthu ankalandira kumene wachokera, ndalama zapadera monga mabonasi ndi za owonjezera maola, ndi kukwezedwa m'zaka zitatu zotsatira tchuthi cha uchembere. Britain idakakamiza mu 2017 makampani a antchito 250 kapena kuposa kuti azilengeza ziwerengero zotere, ndipo Iceland mu 2018 idalamula a antchito 25 kupita m'mwamba kuti azisonyeza umboni woti amalipira mofanana. Sweden pa masiku 480 a tchuthi cholerera mwana idasungira kholo lililonse masiku 90 osapatsirana, kuti bambo nayenso asowe ku ofesi ndipo wolemba ntchito asiye kuona mkazi yekha ngati wodzachoka.

FUNSO: Ndimaphunzitsa fizikisi pasukulu yosakaniza. Mu labotale anyamata ndiwo amalanda zipangizo, atsikana n'kumangolemba zotsatira. Mphunzitsi wamkulu akufuna tigawe makalasi a sayansi, atsikana paokha. Tiyambire pati, ndipo tichenjere ndi chiyani?
Mphunzitsi wa sekondale

YANKHO: Aphunzitsi, vuto mwaliona bwino, ndipo si lanu nokha. Bungwe la Institute of Physics lidapeza kuti mu 2011 sukulu 49 pa 100 zilizonse za boma zosakaniza ku England sizidatulutse mtsikana ndi mmodzi yemwe wopitiriza fizikisi pa A-level, maphunziro a zaka ziwiri zomaliza munthu asanalowe ku yunivesite, pamene mtsikana wa sukulu ya atsikana okhaokha adali ndi mwayi woposa pafupifupi kawiri ndi theka. Chenjezo la kusankha ana lija likugwiranso apa. Komabe pali umboni wina wodalirika: pasukulu ina ku Switzerland atsikana adagawidwa mwa maere m'makalasi opatula ndi osakaniza, ndipo Gerald Eisenkopf ndi anzake adapeza mu 2015 kuti opatulidwawo adachita bwinoko pa masamu, koma pa phunziro la Chijeremani panalibe kusintha. Ndiye maganizo a mphunzitsi wamkulu si opanda mutu.

Ife tikadayamba ndi zotchipa musanagawe. Kwa masabata awiri pemphani mphunzitsi mnzanu akhale kumbuyo ndi mndandanda wa mayina, azichonga amene wafunsidwa, amene wayankha, amene wagwira chipangizo. Aphunzitsi ambiri amadabwa ndi manambala awo omwe. Kenaka m'gulu la ana anayi ikani ntchito zinayi, wolumikiza zipangizo, woyeza, wolemba ndi wofotokozera kalasi, ndipo zizisinthana pa phunziro lililonse motsata mndandanda umene mwaumata pakhoma. Mukawasiya asankhe okha abwerera ku zakale tsiku lomwelo. Musaike mtsikana mmodzi yekha pakati pa anyamata atatu. Aikeni awiriawiri kapena gulu la atsikana okhaokha m'kalasi momwemo. Mukafunsa funso dikirani masekondi asanu musanaloze munthu, ndipo dzina muzitola pa timakadi, chifukwa wokweza dzanja msanga si amene waganiza bwino nthawi zonse. Pochonga mayeso gwiritsani manambala m'malo mwa mayina. Ku Tel Aviv, ku Israel, Victor Lavy ndi Edith Sand adayerekeza malikisi opereka mphunzitsi wodziwa mwana ndi a mayeso ochongedwa popanda dzina, ndipo adapeza kuti atsikana amene adadutsa m'manja mwa aphunzitsi okondera anyamata sankasankha kwambiri masamu apamwamba m'tsogolo.

Ngati patatha teremu imodzi kapena awiri palibe kusintha ndipo mwaganiza zogawa, sungani zinthu izi. Silabasi ikhale imodzi, mayeso amodzi, olembedwa tsiku limodzi. Maola a mu labotale akhale ofanana, olembedwa pa ndandanda ya nthawi. Mphunzitsi mmodzi aphunzitse magulu onse awiri, kapena aphunzitsi azisinthana teremu iliyonse. Lembani malikisi a mwana aliyense musanagawe, kuti pakutha pa chaka mukhale ndi poyerekezera. Gawani phunziro lokhalo limene lili ndi vuto. Pa masewero, pa zokambirana ndi pa maphunziro ena akhale limodzi. Makolo ndi ana auzidwe chifukwa, ndipo wosafuna akhale ndi kolowera.

Zimene zimalakwika n'zodziwika. Choyamba ndi chiwerengero: osankha fizikisi akakhala anyamata 50 ndi atsikana 15, kalasi ya atsikana imaoneka yowononga nthawi ya mphunzitsi ndipo imaikidwa madzulo kapena kuphatikizidwa ndi ina. Chachiwiri, kalasi ya anyamata okhaokha imakonda kusokosera, ndiye sukulu imatumizako mphunzitsi wamphamvu, atsikana n'kutsala ndi wongoyamba kumene poti "savuta". Chachitatu, ndipo ichi ndiye choipitsitsa, mphunzitsi amafewetsa phunziro mosazindikira, kudumpha masamu ovuta n'kumapereka zitsanzo za kukhitchini zokhazokha. Atsikana amazindikira msanga kuti awaika m'kalasi ya ofunika chithandizo.

Onaninso malamulo a dziko lanu. Ku America malamulo a 2006 amalola makalasi opatula m'sukulu za boma pokhapokha ngati mwana alowa mwa kufuna kwake, pali kalasi yosakaniza yofanana nayo, ndipo sukulu ikuunikanso dongosololi zaka ziwiri zilizonse. Ku England khothi la apilo lidagamula mu 2017 kuti sukulu ina yosakaniza ya ku Birmingham, imene inkapatula ana m'kalasi ndi panja pomwe, inkaphwanya lamulo loletsa tsankho, chifukwa inkamana anyamata ndi atsikana omwe mwayi wophunzira kukhalirana.

FUNSO: Ndidamva kuti ubongo wa anyamata ndi wa atsikana umaphunzira mosiyana, n'chifukwa chake ayenera kupatulidwa.
Wowerenga wokhulupirika

YANKHO: Mfundo imeneyi idafala kwambiri m'zaka za m'ma 2000, koma siidaime. Mu 2011 akatswiri asanu ndi atatu, motsogozedwa ndi Diane Halpern, adalemba m'magazini ya Science kuti palibe umboni woti kusiyana kwa ubongo kumafuna kaphunzitsidwe kosiyana. Kusiyana kwa atsikana awiri a m'kalasi imodzi kumakhala kwakukulu kuposa kusiyana kwa atsikana onse ndi anyamata onse. Sukulu ikakuuzani kuti anyamata amawaphunzitsa mopikisana ndipo atsikana mofatsa chifukwa cha ubongo, dziwani kuti ikuphunzitsa ana anu zomwezo zimene zimapinga akazi pantchito.

FUNSO: Ndili ndi anyamata awiri ndipo onse ali pasukulu yogonera konko ya anyamata okhaokha. Mlongo wanga akuti ndikulera anthu odzavutitsa akazi ku ofesi. Nkhani ya akazi pantchito ikuwakhudza bwanji ana anga?
Bambo wa anyamata

YANKHO: Bambo, mlongo wanu wakokomeza, koma wakhudza mbali imene anthu ambiri amaiiwala. Timakangana za zimene sukulu yopatula imachita kwa atsikana, pamene olemba ntchito, okweza anthu ndi oika malipiro ambiri ndi amuna. Zimene mnyamata adazolowera pakati pa zaka 13 ndi 18 adzalowa nazo m'chipinda cha intavyu ali bwana.

Mbali yoyamba ndi ya maubale. Sukulu zotchuka za anyamata zimapereka anzako a moyo wonse, odzakutchula dzina pamene iwe palibe. Eton ya ku England, ya anyamata okhaokha, yatulutsa nduna zazikulu 20 za Britain. Khothi lalikulu la ku America lidaona mfundo yomweyi mu 1996 pa mlandu wa Virginia Military Institute, koleji ya boma imene inkalandira amuna okha. Boma la Virginia lidakhazikitsa maphunziro apadera a akazi pakoleji ina, koma khothi, m'chigamulo cholembedwa ndi Ruth Bader Ginsburg, lidati zimenezo sizidali zofanana, pa aphunzitsi, pa zipangizo, pa ndalama ndi pa gulu la ophunzira akale lothandiza kupeza ntchito. Khomo la maubale likakhala la amuna okha, mkazi ngakhale akhoze bwanji amafika mochedwa.

Mbali yachiwiri ndi chizolowezi. Ku Norway akatswiri Gordon Dahl, Andreas Kotsadam ndi Dan-Olof Rooth adagwirizana ndi gulu lankhondo kuti olowa usilikali agawidwe mwa maere, ena m'timagulu tokhala ndi akazi, ena ta amuna okhaokha. Patatha masabata asanu ndi atatu, amuna amene adakhala ndi kugwira ntchito ndi akazi ankavomereza kwambiri kuti gulu losakaniza limagwira bwino ntchito ndiponso kuti ntchito zapakhomo n'zogawana, ndipo luso lawo silidatsike. Koma atasiyana nawo, patapita miyezi maganizo aja adabwerera mwakale. Kuonana kamodzi pachaka pa dansi ya sukulu sikukwanira. Chimene chimasintha munthu ndi ntchito yogwirira limodzi, yopitirira, imene mtsikana nthawi zina ndiye amatsogolera.

Simufunika kuwachotsa anawo ngati sukulu ndi yabwino. Funsani ngati ili ndi aphunzitsi aakazi pa masamu ndi sayansi komanso pa maudindo, ndi mmene anyamata amawalankhulira. Pamenepo ndiye pamaonekera khalidwe la sukulu. Funsani ngati pali zochita za sabata ndi sabata limodzi ndi sukulu ya atsikana, monga mtsutso, kwaya kapena pulojekiti ya sayansi, m'timagulu tosakaniza, osati anyamata kupikisana ndi atsikana. Patchuthi agwire ntchito zapakhomo zonse, osasankha. Kukambirana nako kumathandiza kukachitika mwadongosolo: ku Haryana, ku India, ana a sukulu za boma adakhala ndi maphunziro okambirana za kufanana kwa amuna ndi akazi kwa zaka ziwiri ndi theka, ndipo Diva Dhar, Tarun Jain ndi Seema Jayachandran adapeza kuti maganizo a anyamata ndi atsikana omwe adasintha, anyamata n'kuyamba kuthandiza ntchito zapakhomo.

FUNSO: Sekondale yonse ndidaphunzira ndi atsikana okhaokha ndipo ndinkatsogolera chilichonse. Tsopano ndayamba ntchito ya uinjiniya, mkazi ndili ndekha pa anthu 12, ndipo pamsonkhano mawu amandithawa. Kodi sukulu yanga idandiwononga?
Mtsikana woyamba ntchito

YANKHO: Achemwali, siidakuwonongeni, koma pali chimene siidakupatseni mpata woyeserera. Kafukufuku wa ku Hong Kong wa mu 2018, wotsogozedwa ndi Ivy Wong, adapeza kuti ochokera ku sukulu zopatula, amuna ndi akazi omwe, ankakhala ndi nkhawa yochulukirapo akakhala pagulu losakaniza ndipo adali ndi anzawo ochepa a mbali inayo, ngakhale atafika ku koleji. Pa nkhani ya kulimba mtima umboni umatsutsana. Alison Booth ndi Patrick Nolen adapeza ku England kuti atsikana a sukulu zopatula ankalowa mpikisano mosaopa ngati anyamata, koma ku Seoul, kumene ana adagawidwa mwa maere, akatswiri ena adapeza mu 2014 kuti kupatula sikudachepetse kusiyana kumeneku. Dziwaninso kuti kukhala mkazi yekha pa anthu 12 kumavuta ngakhale kwa wochokera ku sukulu yosakaniza.

Luso lotsogolera muli nalo kale, chatsala ndi kulizoloweretsa malo atsopano. Musanalowe mumsonkhano lembani mfundo imodzi yokhala ndi nambala kapena muyeso, ndipo muinene m'mphindi khumi zoyambirira; mukadikira, mantha amakula ndipo wina amainena. Akakudulani pakamwa nenani mofatsa kuti "ndimalize kaye" n'kupitiriza pamene mudasiyira, osayambiranso. Ntchito yolemba zokambirana ndi yokonza tiyi musailandire ngati yanu yachikhalire. Pemphani kuti izisinthana. Sungani kabuku ka ntchito zimene mwamaliza, tsiku lake ndi phindu lake, chifukwa pokambirana za kukwezedwa bwana amakumbukira za mwezi watha zokha. Funsani ku ofesi ya antchito malire a malipiro a giredi yanu, oyambira ndi omalizira. Pezani wamkulu mmodzi, mwamuna kapena mkazi, woti azikupatsani ntchito zooneka, ndipo mukalumikizane ndi bungwe la mainjiniya kuti mudziwane ndi akazi a m'makampani ena. Zikafika pa mawu onyoza kapena kukugwirani thupi, imeneyo si nkhani ya manyazi anu. Lembani tsiku, nthawi, mawu ndi mboni, mukadandaule mwa kalata. Pangano la ILO nambala 190 la mu 2019 limaika udindo woteteza antchito ku nkhanza zotere pa wolemba ntchito ndi boma.

FUNSO: Inu mukukamba za malipiro, koma kuli madera kumene makolo salola mtsikana wotha msinkhu kukhala m'kalasi ndi anyamata, kapena kumene atsikana amavutitsidwa mpaka kusiya sukulu. Kumeneko sukulu ya atsikana okhaokha si yabwino kodi?
Wogwira ntchito zachitukuko

YANKHO: Ndi yabwino, ndipo pamenepa sitikayika. Ngati kusankha kuli pakati pa sukulu ya atsikana ndi kukhala pakhomo, mtsutso wa m'mwambamu ulibe ntchito. Ku Punjab, ku Pakistan, Tahir Andrabi, Jishnu Das ndi Asim Khwaja adapeza kuti midzi imene boma lidamangamo sekondale ya atsikana idali ndi mwayi woposa katatu wodzakhala ndi sukulu zoyima pazokha, chifukwa atsikana omaliza sekondale aja adasanduka aphunzitsi. Ntchito idatseguka pamene padalibe. Onaninso malire ake: idali ntchito imodzi, ya malipiro otsika, pafupi ndi pakhomo. Ku Trinidad and Tobago boma lidasandutsa sekondale 20 zosakhozetsa bwino kukhala zopatula mu 2010, ndipo Jackson uja adapeza kuti ana adakhoza bwinoko, atsikana otenga mimba ali aang'ono adachepa, anyamata omangidwa ndi apolisi adachepanso. Zikuoneka kuti kupatula kumathandiza kwambiri pamene zinthu zili zovuta kale.

Muyeso wake ulipo. Pangano la UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, la mu 1960 loletsa tsankho m'maphunziro limalola sukulu zopatula ngati mwayi wolowa uli wofanana, aphunzitsi ali a maphunziro ofanana, nyumba ndi zipangizo zili zofanana, ndipo maphunziro ophunzitsidwa ali amodzimodzi kapena olingana. Pa zinayi izi chimene chimayamba kugwa ndi aphunzitsi a sayansi ndi labotale, chifukwa ndalama za sukulu imodzi zagawidwa pawiri. Pangano la United Nations la mu 1979 lothetsa tsankho kwa akazi, m'ndime 10, limalimbikitsa sukulu zosakaniza monga njira imodzi yochotsera maganizo akuti izi n'za amuna, izi n'za akazi.

Pokonza mapulani werengerani mtunda. M'dera la anthu otalikirana, sukulu ziwiri zopatula zimatanthauza kuti mwana aliyense ayenda ulendo wotalikirapo kusiyana ndi zikadakhala zosakaniza, ndipo mtunda umachotsa atsikana kusukulu msanga kuposa anyamata. Nthawi zina njira yapakati imakwanira kukhutiritsa makolo: sukulu imodzi, makalasi opatula, labotale ndi laibulale imodzi, aphunzitsi omwewo. Musaiwalenso kuti kuchotsa anyamata sikuchotsa mphunzitsi wankhanza kapena wovutitsa ana panjira. Kaya sukulu ndi yopatula kaya yosakaniza, pafunika zimbudzi za atsikana zokhala ndi zitseko zokhomeka ndi madzi, aphunzitsi aakazi angapo osati mmodzi, munthu wolandira madandaulo amene sali pansi pa wodandaulidwayo, lamulo lochotsa ntchito wolakwa m'malo momusamutsira ku sukulu ina, ndi khomo lotseguka kwa mtsikana wobwerera atabereka.